Katundu wa ankhondo m'nyumba zathu: zikhulupiriro ndi zoona

Aliyense wodutsa pa Mangochi boma kulowera ku mlatho wa Bakili Muluzi amaiona nsanja ya wotchi yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss wochokera m'sitima ya Guendolen. Chapafupi pomwepo pali Lake Malawi Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 1971. Izi ndi zomwe zili poyera. Koma katundu wambiri wa nkhondo m'boma lino sali pamsewu kapena m'galasi. Ali m'masutikesi kunsi kwa bedi, m'zitini ndi m'matumba, kwa Mponda, kwa Chimwala, ku Malindi, ku Namwera, kwa Makanjira ndi kwa Nankumba. Ndi mamendulo, mabatani a yunifolomu, malamba, mabotolo a madzi, zithunzi ndi timabuku tomwe agogo athu anapatsidwa potuluka usilikali.

Katunduyu akutha. Pang'ono chabe ndi amene akutha chifukwa cha ukalamba wake; wambiri tikumuwononga tokha, ndipo kawirikawiri timachita zimenezi tili ndi mtima wabwino. Zomwe timakhulupirira pa zinthuzi zili ndi zifukwa zake zomveka. Komabe zina mwa izo n'zolakwika, ndipo chimodzi chikhoza kupha munthu.

"Imeneyo inali nkhondo ya azungu, katundu wake satikhudza"

Maganizo awa ali ndi maziko. Nkhondo ya 1914 ndi ya 1939 sizinayambire kuno, ndipo makolo athu sanafunsidwe ngati akuzifuna. John Chilembwe anadandaula zomwezi mu Novembala 1914 m'kalata yomwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Koma ngakhale mkangano unali wa eni ake, wonyamula mfuti ndi mtolo anali wathu. Gulu la King's African Rifles litakhazikitsidwa mu 1902, mabataliyoni ake awiri oyamba anali a Nyasaland, ndipo Ayao a kummwera kwa nyanja anali ochuluka mmenemo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pa nthawi yomwe anthu onse m'dziko muno anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Mangochi, yomwe nthawi imeneyo inkatchedwa Fort Johnston, inali pakati penipeni pa zimenezi. Katundu ndi asilikali opita ku Karonga ankakwezedwa m'sitima kuno. Ngakhale sitima ya mishoni ya Chauncy Maples, yomwe inalumikizidwa kwa Mponda n'kulowa m'madzi mu 1901, inatengedwa kuti izinyamula ankhondo. Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, atawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa mu Mozambique mu Novembala 1917, magulu omuthamangitsa ananyamukira ku Fort Johnston kudzera ku Namwera. Pa nkhondo yachiwiri anyamata a kuno anafika ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar, ku Ceylon ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ena anapita ku Malaya.

Kuipa kwa chikhulupirirochi kumaoneka pa mayina. Mu Ogasiti 1914 Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Dzina la kaputeni wake, Edmund Rhoades, lili m'mabuku ambiri. Mayina a anthu omwe ankasonkhezera moto m'sitimamo ndi omwe ankaitemera nkhuni m'mbali mwa nyanja sitiwamva akutchulidwa. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe limasamala manda a ankhondo, linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000 omwe anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Tikataya mendulo kapena kabuku ka agogo ponena kuti n'za azungu, tikufafaniza dzina lomwe mwina silinalembedwe pena paliponse pomwe ife tingafikepo.

"Mendulo ya agogo ndi golide, tsiku lina idzatilemeretsa"

Si golide. Mamendulo ooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, monga Africa Star ndi Burma Star, anapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Ambiri oyera a nkhondo yachiwiri, monga War Medal ndi Defence Medal, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. British War Medal ya nkhondo yoyamba ndiyo yasiliva, koma siliva wake ndi wochepa, wosati n'kusintha moyo wa banja. Ndipo mamendulowa anapangidwa mamiliyoni, chifukwa ankaperekedwa kwa asilikali ochuluka zedi amene anatumikira.

N'zoona kuti alipo mamendulo osowa omwe anthu akunja amawafuna kwambiri, monga African Distinguished Conduct Medal, yomwe inkaperekedwa kwa asilikali achiafirika chifukwa cha kulimba mtima pa nkhondo. Koma wogula wobwera pakhomo ndi chikwama sadzatiuza mtengo weniweni wa chinthu chotero. Amapereka ya ufa wa sabata imodzi, mendulo n'kuchoka m'dziko osadzabweranso. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kutulutsa zinthu zakale za mbiri ya dziko popanda chilolezo, choncho wogulitsa nayenso akhoza kulowa m'mavuto. Njala ya Januwale ndi Febuluwale tonse tikuidziwa, ndipo sitinganyoze banja lomwe lagulitsa chifukwa mbale zili zouma. Tikungopempha kuti munthu adziwe chomwe akugulitsacho asanalandire ndalama.

Pali bodza lina loyenda limodzi ndi limeneli, lonena za mekyule yofiira yomwe akuti ili m'zinthu za Ajeremani: m'ndalama zakale za rupiya, m'makampasi, m'nyale ndi m'zitsulo za nkhondo. Mekyule yofiira kulibe. Ndi nkhani ya akathyali, ndipo yazungulira maiko ambiri. Chifukwa cha iyo anthu aphwanya zinthu zomwe zinakhala zaka zoposa 100 zili bwino, ena agulitsa mbuzi ndi njinga kuti alipire munthu wodzayeza chitsulo, ena afika pofukula manda.

"Chinthu chakale chimafuna kukwecha kuti chiwale"

Ife timalemekeza chinthu pochitsuka, ndipo agogo eni akewo anaphunzitsidwa ku usilikali kuti batani lizinyezimira. Koma batani la msilikali amene ali pa ntchito likatha amapatsidwa lina. La m'sutikesi lilibe lolowa m'malo. Mchenga, phulusa, sitiliwulu, mandimu ndi mankhwala opukutira mkuwa zimachotsa dothi pochotsanso chitsulo chenichenicho. Mamendulo a nkhondo yoyamba ali ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali zolembedwa m'mphepete kapena kumbuyo ndi timalemba tating'ono. Timalemba timeneti ndito timayamba kufufutika, pomwe ndito timasiyanitsa mendulo ya agogo athu ndi mamiliyoni enawo.

Mtundu wakuda womwe mkuwa umatenga pakapita zaka si matenda, umateteza chitsulo. Chofunika ndi kupukuta fumbi ndi kansalu kofewa kouma, kugwira m'mphepete ndi manja osamba ndi owuma, n'kukulunga mendulo iliyonse payokha m'kansalu koyera ka thonje kuti isakhulane ndi inzake. Pakaoneka ufa wobiriwira wonyenyeka, pamenepo ndiye pali vuto lofunika kufunsa odziwa. Riboni isachapidwe ndipo isadulidwe ngakhale itasuluka, chifukwa mitundu yake imanena kumene munthu anakamenya nkhondo. Ya Burma Star, mwachitsanzo, ndi yofiira pakati, ndipo m'mbali muli mizere ya buluu ndi olenji.

"Pepala likamatidwa pulasitiki ndiye lasungika"

Makina olamineta ali pa tawuni iliyonse, ndipo ambiri timathamangira kumeneko ndi pepala lomwe tikulikonda. Makinawa amamata pulasitiki ndi moto komanso guluu, ndipo zikagwirana sizimatukanso popanda kung'amba pepalalo. Pakapita zaka guluu amasanduka wachikasu n'kulowerera mu inki. Selotepi imachita chimodzimodzi. Mawaya omangira mapepala amachita dzimbiri n'kuboola, timalabala timasungunuka n'kumatirira. Ngati tikufuna pepala logwiragwira ndi kuonetsa alendo, tipange fotokope n'kulamineta imeneyo, chenichenicho chikhale chosamata.

Jumbo nayo ndi msampha. Kunyanja kuno kumatentha, ndipo nthawi ya dzinja mpweya umakhala wachinyontho. Pepala kapena nsalu yomangidwa m'jumbo imachita thukuta mkati, chuku n'kumera. Sutikesi yokhala pansi penipeni imaitana chiswe, ndipo chiswe chimatha kumaliza kabuku konse ife tikuganiza kuti kali bwino. Taonanso zomwe madzi achita m'zaka zapitazi: namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023, ndi kukwera kwa nyanja mu 2024 komwe kunalowa m'nyumba za m'mbali mwa gombe. Mapepala aikidwe chogona, pakati pa mapepala oyera, m'bokosi lokhala pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, utsi wa kukhitchini ndi denga lodontha. Bokosilo lizitsegulidwa kangapo pa chaka, makamaka mvula ikayamba ndi ikatha.

Chithunzi cha agogo atavala yunifolomu timakonda kuchipachika pabalaza, ndipo n'koyenera kunyadira. Koma kuwala kumachifufuta pang'onopang'ono mpaka nkhope itasanduka mthunzi. Tipachike chojambulanso. Kumbuyo kwa chenichenicho tilembe dzina, mudzi ndi chaka, ndi pensulo yofewa osati bolopeni, popeza inki ya bolopeni imadutsa n'kuonekera kumaso.

"Bomba lakale linafa kalekale"

Ichi ndi chikhulupiriro choopsa kuposa zonse. Timaganiza kuti chinthu chomwe chakhala m'nthaka kapena m'madzi zaka zambiri, chadzimbiri thupi lonse, mphamvu zake zinatha. Zoona zake n'zakuti onga wa m'kati suthera pamodzi ndi utoto wa kunja. Nthawi zambiri ukalamba umachititsa kuti bomba likhale losachedwa kuphulika kusiyana ndi lili latsopano, chifukwa dzimbiri limadya tizitsulo tomwe tinkaligwira kuti lisaphulike nthawi isanakwane, ndipo mankhwala ena a m'kati amasintha n'kufika poti kungogunda pang'ono kapena kutenthedwa n'kokwanira. Ku France ndi ku Belgium alimi amafukulabe zipolopolo za mizinga za nkhondo ya 1914 chaka chilichonse, ndipo zavulaza ndi kupha anthu m'nthawi yathu ino. Ku Germany mpaka lero amasamutsa anthu m'madera athunthu a mizinda akapeza bomba la nkhondo yachiwiri.

Ife tili ndi chifukwa china chokhalira tcheru. Boma lathu lachita malire ndi Mozambique ku Chiponde, kwa Katuli ndi kwa Makanjira, ndipo nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo inatha mu 1992 chabe. Zida zinkawoloka malire pamodzi ndi anthu. Choncho chitsulo chachilendo chopezeka polima, pokumba maziko kapena chokodwa mu khoka sichoyenera kusandutsidwa nangula wa bwato, fuwa la pamoto, belu la pasukulu kapena choseweretsa ana. Sichoyeneranso kupita kwa ogula zitsulo zakutha, kumene chimakakumana ndi hamala ndi moto wa owotcherera.

Tikachiona tisachigwire, tisachigende, tisachitenthe, tisayese kuchitsegula. Tiike chizindikiro chapatali, tichotse ana ndi ziweto, tidziwitse mfumu ndi apolisi, omwe amaitana akatswiri a Malawi Defence Force. Tisachinyamule pa kabaza n'cholinga chokachipereka ku polisi, ndipo tisapite nacho ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ngakhale chitakhala kuti agogo anabwera nacho okha ndipo chakhala pa shelefu zaka 70 osachita kanthu, zimenezo sizitsimikizira za mawa. Mfuti ndi zipolopolo, kaya n'zakale bwanji, zili pansi pa lamulo la mfuti, ndipo kuzisunga popanda chilolezo ndi mlandu.

"Katundu wa kunkhondo amabwera ndi mizimu"

Mabanja ambiri anaona okha mmene agogo ankakhalira atabwerako: kubwebweta usiku, kudzidzimuka ndi phokoso, kukhala chete masiku angapo, kupsa mtima kosadziwika chiyambi chake. Sizodabwitsa kuti anthu analoza jekete ndi mpeni wa kumfuti zomwe zinali m'nyumbamo, n'kunena kuti zabwera ndi magazi a anthu. Lero azachipatala amadziwa kuti munthu amene waona zoopsa amavulala maganizo, ndipo bala limeneli limatha kukhala moyo wake wonse. Linali mwa munthuyo, osati m'nsalu kapena m'chitsulo. Asilikali omwe anabwera chimanjamanja ankavutikanso chimodzimodzi.

Sitikulimbana ndi chipembedzo cha wina aliyense. Banja lomwe mtima wake sukhazikika lili ndi ufulu woitana shehe kapena abusa kudzapemphera, ndipo lili ndi ufulu wokana kusunga zinthuzo m'nyumba. Chomwe tikukana ndi kuziwotcha, kuziponya m'chimbudzi kapena kuzimiza m'nyanja tsiku la sadaka litangodutsa. Mantha a m'badwo uno adzatha, koma mdzukulu amene adzafune kudziwa za agogo ake sadzapeza chogwira. Alipo m'bale wina amene angazisunge, ndipo ilipo nyumba ya boma yomwe ntchito yake ndi yomweyo.

"Zofunika ndi mfuti ndi mamendulo, zinazi ndi zinyalala"

Tikamaganiza chonchi timataya zomwe zimalankhula kwambiri. Mamendulo ambiri a nkhondo yachiwiri anaperekedwa opanda dzina. Mendulo yotero ikasiyana ndi mapepala ake imangokhala chitsulo chofanana ndi china chilichonse. Kabuku kotulukira usilikali, kalata yomwe inalembedwa ku Burma m'Chiyao kapena m'Chinyanja, envulopu yokhala ndi chidindo, kachitsulo kovala m'khosi kokhala ndi nambala, izi ndizo zimanena kuti munthuyu anali yani, analowa liti, anali m'gulu liti ndipo anafika kuti. Nambala ya msilikali ndiyo imatsegula zolembedwa zina zonse za iye, kaya ku National Archives ku Zomba kaya kunja. Supuni, kapu ya chitsulo ndi bulangete zimaonetsa mmene ankakhalira tsiku ndi tsiku, nkhani yomwe mfuti singanene.

Tiganizirenso amtengatenga. Anali ochuluka kuwirikiza kakhumi kuposa asilikali. Ankasenza mitolo ya makilogalamu oposa 20 m'mapiri ndi m'madambo, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo, njala ndi chimfine choopsa cha mu 1918. Ambiri mwa omwe anabwerera sanabwere ndi mendulo kapena yunifolomu. Tikanena kuti chofunika ndi chonyezimira chokha, ndiye kuti anthu onsewa tawachotsa m'mbiri. Chomwe anasiya ndi nkhani za pakamwa. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, mothandizana ndi Amalawi omwe ankayenda m'midzi, anacheza ndi okalamba omwe anaiona nkhondo yoyamba, ndipo mawu awo ndiwo maziko a buku lake lotchedwa The Chiwaya War. Akanachedwa zaka 20, sakanapeza wolankhula naye.

Ngakhale gule wathu wa beni ndi cholowa cha nthawi imeneyi. Mavalidwe ake, maudindo ake ndi kaguba kake zinachokera ku perete wa asilikali, ndipo anafala kwambiri kuno nkhondo yoyamba itatha. Azipitirira ndithu. Koma jekete lenileni la agogo lisalowe m'bwalo. Thukuta, fumbi ndi kuchapa zimalimaliza m'nyengo zochepa. Telala angathe kusoka lofanana nalo.

"Chilungamo ndi kugawana, aliyense atengeko yake"

Pogawa za masiye timafuna kuti pasakhale wodandaula, ndiye mendulo imodzi imapita kwa mwana wa ku Monkey Bay, ina kwa mphwake wa ku Lilongwe, kabuku kwa amene ali ku Johannesburg. Koma mamendulo a munthu mmodzi amawerengedwa pamodzi. Africa Star ndi Burma Star zikakhala pa mzere umodzi zimanena ulendo wonse wa msilikaliyo. Zikabalalika ulendowo umaduka, ndipo pakadutsa m'badwo umodzi palibe amene amadziwa kuti zinali za munthu mmodzi. Eni mbumba asankhe munthu mmodzi wosunga, zilembedwe pa pepala pamaso pa abale, ndipo ena onse alandire zithunzi zake pa foni.

"Cha m'tchire chilibe mwini"

Nkhondo za m'boma lino sizinayambe mu 1914. Mfumu Makanjira inalimbana ndi atsamunda zaka zingapo, ndipo Fort Maguire inatchedwa dzina la Kaputeni Cecil Maguire amene anaphedwa pa nkhondo imeneyo mu Disembala 1891. Mfumu Jalasi inagonjetsedwa mu 1895, ndipo pambuyo pake pa phiri lake panamangidwa Fort Mangochi. Malo amenewa, ndi njerwa, zitsulo ndi makatiriji omwe ali m'nthaka yake, ndi chuma cha dziko chotetezedwa ndi lamulo. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake popanda kulemba pomwe chinali, theka la nkhani yake latayika. Wogumula njerwa kuti akamangire khitchini akugumula umboni wa nkhondo yomwe makolo a kuno anamenya poteteza ulamuliro wawo. Mfuti ya gogodela yomwe banja la kwa Makanjira kapena kwa Jalasi lasunga ndi yofunika m'mbiri mofanana ndi mzinga wa Guendolen, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sitinazolowere kuiona choncho.

"Tikapereka ku nyumba ya zakale ndiye kuti tataya"

Mantha awa ndi omveka. Tinamvapo za katundu yemwe analowa mu ofesi n'kusowa, ndipo tikudziwa kuti nyumba zathu zosungiramo zinthu zakale zimagwira ntchito ndi ndalama zochepa. Koma mankhwala a mantha amenewa ndi pepala, osati kubisa. Pali kusiyana pakati pa kupereka ndi kubwereketsa. Tikapereka, chinthucho chimakhala cha mtundu wonse mpaka kalekale, ndipo mwana wobadwa mawa sangakachitenge. Tikabwereketsa, chimakhalabe chathu, ndipo nthawi yobweza imalembedwa. Banja ligwirizane kaye njira yomwe likufuna lisananyamuke, kuti pasadzabuke mlandu pambuyo.

Popereka tisasiye katundu m'manja mwa munthu pakhomo n'kubwerera ndi zikomo wa pakamwa. Tipemphe kalata yosainidwa ndi yodindidwa, yotchula chinthu chilichonse pachokha. Tifunse nambala yomwe chalembedwa m'kaundula. Tijambule zonse ndi foni, kumaso ndi kumbuyo, tisanachoke kunyumba. Tifunse kumene chikasungidwe ndi mmene tingachionere tikafuna. Wogwira ntchito wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso amenewa. Lake Malawi Museum ili pansi pa nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala, pamodzi ndi ya ku Chichiri mu Blantyre. Makalata ndi mapepala angathenso kupita ku National Archives of Malawi ku Zomba.

Tidziwenso kuti kupereka sikutanthauza kuti mawa chinthucho chikhala m'galasi. Nyumba zotere padziko lonse zimaonetsa gawo lochepa la zomwe zili nazo. Zambiri zimakhala mosungira, kumene ofufuza ndi ophunzira amazipeza. Nsalu ndi mapepala makamaka siziyenera kukhala poyera nthawi yaitali. Ndipo akhoza kukana china chifukwa alibe malo kapena ali nacho kale chofanana nacho. Banja lomwe lasankha kusunga lokha silinalakwe, bola lisunge mwa njira yoyenera ndipo lilole kuti zijambulidwe ndi kulembedwa. Chomwe chimapangitsa mphatso kukhala yamtengo ndi nkhani yomwe yabwera nayo. Lamba woperekedwa ndi dzina, mudzi, nambala ndi zomwe mwini wake ankanena amaphunzitsa ana a sukulu. Lamba wopanda zimenezi amangodzaza shelefu.

"Boma linalemba zonse, tikadzafuna tidzapeza"

Nsanja ya King's African Rifles ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ili ndi mayina a asilikali omwe anafa pa nkhondo yoyamba. Ku Area 18 mu Lilongwe kulinso nsanja ya chikumbutso, ndipo mu Novembala chaka chilichonse dziko limakumbukira ankhondo ake. Izi n'zabwino, koma sizikwanira. Zolembedwa za atsamunda zinasamala kwambiri za maofesala achizungu. Mayina a asilikali athu ankalembedwa mmene kalaliki wawamvera, ena analowa usilikali ndi dzina lina losiyana ndi la kumudzi, ndipo amtengatenga ambiri anangowerengedwa ngati chiwerengero. Kaundula wa boma sanganene kuti msilikali wakutiwakuti ndi yemwe uja ankasoka maukonde ku Malembo, anakwatira kwa akuti, ndipo zidzukulu zake ndi izi. Zimenezo zili ndi ife tokha.

"Nthawi ilipo, tidzafunsa"

Mnyamata amene anali ndi zaka 18 pomwe nkhondo yachiwiri inkatha mu 1945 anabadwa mu 1927. Owerengeka okha ndi amene atsala. Amene anamva nkhani kuchokera pakamwa pawo, akazi awo, alongo awo ndi ana awo oyamba, nawonso ndi okalamba tsopano. Maliro aliwonse a munthu wotere amapita ndi mayina a malo, a anzawo a kunkhondo ndi a zombo zomwe anakwera, ndipo chotsala m'sutikesi chimakhala chosalankhula.

Ngati m'banja mwanu muli katundu wotere, musadikire Novembala. Mutulutseni sabata ino, mukhale pansi ndi wamkulu amene watsala, mutsegule chojambulira mawu pa foni, ndipo mumufunse m'chilankhulo chomwe amamasuka nacho. Lembani dzina lonse la msilikaliyo kapena mtengatengayo, dzina lina lomwe ankadziwika nalo, mudzi, mfumu, nambala ngati ilipo, kumene anapita ndi chaka chomwe anabwerako. Pepala limodzi liikidwe m'bokosi pamodzi ndi katunduyo, lina lisungidwe ndi m'bale wa kunyumba ina.